Mwana akabwezedwa kusukulu pa nkhani iyi, chitseko musamutsekere

Amayi anzanga, ndi inu abambo amene mumawerenga mwakachetechete osalembapo kanthu, lero za phala la mwana ndi za sikelo tiyambe taziika pambali. Ndikudziwa kuti ena muchoka pa tsamba lino mukangowerenga izi, ndipo ena mulemba kuti a nesi agulidwa ndi azungu. Lembani. Ndalama ya mzungu sindinaione, ndikudikira malipiro a mwezi uno ngati wina aliyense.

Lamlungu usiku mayi wina anandilembera ku inbox. Wandilola kufotokoza nkhani yake, koma dzina, boma ndi sukulu ndabisa, ndipo musandifunse. Mwana wake wamkazi ali ndi zaka 16, ali Fomu 3 pa sukulu yogonera konko. Tsiku lina anaululira mnzake wa pamtima kuti iye anyamata samukopa, mtima wake umagunda akaona mtsikana mnzake wina wa m'kalasi. Mnzakeyo anakauza pulifekiti, pulifekiti anakauza a matron, a matron anasanthula sutukesi ya mwana n'kupezamo kalata. M'mawa mwake kalatayo inawerengedwa pa asembule, ana onse ali pamzere, ena akuseka, ena akukuwiza. Pofika masana mwana anali atakwezedwa minibasi ndi katundu wake.

Kunyumba bambo ake anena kuti asapondemo m'nyumba, ndiye akugona kukhitchini. Amalume ake akuti akudziwa mwamuna wina amene "angamuwongole". Mwanayo watha masiku atatu osadya. Funso la mayiyo linali lakuti: "A nesi, kodi kulibe jakisoni kapena mapilitsi oti mwana wanga achire?"

Mayi, kulibe. Ku chipatala cha boma kulibe, ku cha mishoni kulibe, ku pulaiveti kulibe, ndipo amene angakugulitseni botolo n'kumati ndi la zimenezi wakuberani. Bungwe la WHO, lomwe lija timatsata malangizo ake pa katemera ndi pa malungo, linachotsa nkhani yokopeka ndi mwamuna kapena mkazi mnzako pa mndandanda wa matenda pa 17 May 1990. Si matenda, choncho mankhwala ake palibe. Koma mu uthenga wanu ndaonamo matenda enieni amene ayamba kale: mwana wa zaka 16 amene wanyozedwa pamaso pa sukulu yonse, wakanidwa ndi bambo ake, ndipo wasiya kudya. Amenewo ndiwo andisowetsa tulo, chifukwa ndikudziwa kumene amathera.

Ndagwirapo ntchito usiku nthawi zambiri. Ndalandirapo ana obwera nawo pa njinga pakati pa usiku atamwa zosayenera kumwa. Ena tinawapulumutsa, ena ayi. Zifukwa zimasiyana: mimba, mayeso, ngongole, mkangano wa pakhomo, ndipo ena ndi nkhani ngati inoyi, imene achibale amanong'onezana pakhonde la wadi koma osaitchula kwa dokotala. Mwa makolo onse amene ndinaimapo nawo pambali pa bedi, sindinamvepo mmodzi akunena kuti anachita bwino kumuthamangitsa. Onse amalira mawu amodzimodzi aja akuti ndikanadziwa.

Ku America kuli mayi wina wofufuza dzina lake Caitlin Ryan, amene ndi anzake anafunsa achinyamata 224 okopeka ndi amuna kapena akazi anzawo za momwe makolo awo anawalandirira ali ana. Zotsatira zinatuluka mu 2009 m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics. Amene anakanidwa kwambiri pakhomo, kuyesa kudzipha kwawo kunali kowirikiza ka 8 poyerekeza ndi amene sanakanidwe kapena anakanidwa pang'ono. Matenda a nkhawa yozama anali owirikiza pafupifupi ka 6. Kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo ndi kugonana mosadziteteza kunali kowirikiza katatu ndi kupitirira. Onetsetsani bwino: ana onsewo anali amtundu umodzi wa mtima. Chimene chinawasiyanitsa ndi zimene anakumana nazo atafika pakhomo. Muziti ndi za ku America, inde, koma mwana wa ku Ntchisi ndi mwana wa ku California onse amafuna mayi awo akawagwera mavuto. Ndipo ofufuzawo anapezanso china chimene ndikufuna muchigwire: makolo amene sanasinthe chikhulupiriro chawo koma anangochepetsa nkhanza, kusiya kumenya, kusiya kutukwana, kusiya kumupatula pa mbale, ana awo anali pabwinoko kale.

Ndiye sindikukupemphani kuti musinthe mpingo kapena mukangane ndi abusa kapena a shehe. Ine si m'busa, ndipo zimene mumakhulupirira pa nkhani ya ukwati ndi zanu. Ndikukupemphani kuti mwana adye, agone m'nyumba, ndipo asamenyedwe. Amayi a Katolika mukumbukira kuti malemu Papa Francis, osasintha chiphunzitso cha mpingo pa ukwati, mu January 2022 analankhula kwa makolo amene ana awo ali otere, kuwalimbikitsa kuti aziyenda nawo anawo m'malo mowaweruza. Ngati iye anaona kuti ziwirizi zingakhalire pamodzi, bambo wa kumudzi sangalephere.

Tsopano ndilankhule ndi inu aphunzitsi, chifukwa ndikudziwa muli ambiri pano. Kuwerenga kalata ya mwana pa asembule mumati ndi chilango? Munafuna kuphunzitsa chiyani ana mazana aja? Anaphunzira kuti mnzako akakuuza chinsinsi, ukanene ndipo udzatamandidwa. Anaphunzira kuti munthu wamkulu akhoza kuvula mwana ulemu pagulu popanda womufunsa. Ndipo mwa ana amene anaima pamzere tsiku lija munali ena amene mumtima mwawo muli zomwezo. Iwowo anaphunzira kuti asadzauze munthu aliyense, ngakhale zitafika povuta bwanji. Malamulo aakulu a dziko lino amati ulemu wa munthu sungaphwanyidwe, pa gawo 19. Amateteza zinsinsi za munthu ndi makalata ake, pa gawo 21. Ndipo pa gawo 25 amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Sanalembe kuti kupatula amene a matron sakumukonda.

Njira iyi tinaiyendapo kale. Kale mtsikana akatenga mimba ankachotsedwa sukulu basi, osabwereranso, ndipo akuluakulu ankati tikuteteza khalidwe la ena. Mimba sizinathe. Chinatha ndi tsogolo la atsikanawo. Mu 1993 boma linavomereza kuti azibwerera akabereka, ndipo lero ena a iwo ndi manesi anzanga, ena ndi aphunzitsi anzanu. Nanga uyu, amene sanatenge mimba, sanabe, sanamenye munthu, wangolemba kalata, ndiye woti asalembe MSCE?

Ena mukuti: a nesi, nanga malamulo? Sindikubisirani kanthu. Malamulo a milandu a dziko lino amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, ndipo gawo 153 limafika zaka 14 kundende. Gawo 156 limapereka zaka 5. Gawo 137A, limene aphungu athu anaonjezera mu 2010, limapereka zaka 5 kwa akazi okhaokha. Ambiri mukukumbukira nkhani ya Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anamangidwa mu December 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre, anagamulidwa zaka 14 mu May 2010, kenako malemu Bingu wa Mutharika anawakhululukira mwezi womwewo atakumana ndi Ban Ki-moon. Mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu linagamula kuti magawo 153 ndi 156 akhalebe. Umu ndi momwe zilili.

N'chifukwa chake ine sindiuza mwana aliyense wa m'dziko muno kuti akaime patsogolo pa kalasi n'kulengeza. Malangizo amene mwana angawerenge pa intaneti, olembera ana a ku London kapena ku Cape Town, si onse oyenera ku hostel ya kuno. Ngati ndiwe wachinyamata ukuwerenga pa foni ya mayi ako, mvera: palibe amene uli naye ngongole ya chinsinsi chako. Sankha munthu mmodzi wamkulu amene unamuonapo akusunga nkhani za ena, ndipo usalembe papepala kapena pa WhatsApp zimene sukufuna kuti ziwerengedwe pagulu. Sindikunena kuti uli ndi chochititsa manyazi. Ndikunena kuti ndikufuna umalize sukulu uli wamoyo.

Koma kwa inu makolo, onani bwino zimene malamulo aja akunena. Akukamba za mchitidwe. Palibe gawo lolanga kugunda kwa mtima, palibe gawo lolanga mnyamata woyenda mwachikazikazi kapena mtsikana wokonda thalauza ndi mpira, ndipo palibe gawo lolamula bambo kuti mwana wake azigona pa phulusa. Pamene lamulo likulankhula mokweza ndi pa zimene amalume aja akukonza.

Amalume, "kuwongola" kumene mukunenaku dzina lake ndi kugwirira. Kubweretsa mwamuna kuti agone ndi mdzukulu wanu mokakamiza ndi mlandu waukulu, kwa mwamunayo ndi kwa inu amene mwamubweretsa. Kumukwatiwitsa mwachangu kuti nkhani ife ndi mlandunso: kuyambira 2015 lamulo la maukwati limati zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu anasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwini mbumba ntchito yake ndi kuteteza mbumba. Ndipo sizigwira ntchito. Mtsikana wogwiriridwa sadzuka m'mawa akukonda amuna. Amadzuka ndi mabala, mwina ndi mimba, mwina ndi HIV, ndi mantha amene adzayenda nawo moyo wake wonse. Chimodzimodzi anyamata amene achimwene awo amawakokera kwa mayi woyendayenda ku resitihausi kuti "aone kukoma": mukumupatsa matenda mwana amene analibe. Fupa lokakamiza limaswa mphika.

Ngati zoterezi zachitika kale, musadikire bwalo la pabanja. Mwana afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti ayambe PEP, mankhwala oteteza ku HIV amene amamwa masiku 28, ndipo mtsikana alandirenso mapilitsi a pangozi oletsa mimba. Akamafulumira ndi pamene amagwira bwino. Za kupolisi, ku Victim Support Unit, zibwera, koma maola aja sabwerera.

Palinso amene amadya pa misozi ya amayi. Sing'anga akuti ndi ziwanda za kuchimuna, bweretsani mbuzi, n'kumutema mwana mphini ndi lezala limene latema kale anthu ena asanu tsiku lomwelo. HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B amadutsa momwemo. Mneneri akuti asale kudya masiku asanu ndi awiri kuphiri, mufese mbewu ya ndalama, mugule mafuta odzozedwa. Mwana akatopa ndi njala ndi manyazi amanena kuti ndachira, kuti mumusiye. Inu mumabwerera kunyumba mukuimba, iye waphunzira kunama ndipo watsala yekhayekha kuposa kale. Ku America kunali bungwe lalikulu la Akhristu lotchedwa Exodus International, limene kuyambira 1976 linkalonjeza kusintha anthu otere ndi mapemphero ndi uphungu. Mu 2013 linatsekedwa, ndipo mtsogoleri wake Alan Chambers anapepesa kwa anthu amene anavulazidwa, atavomereza kale kuti pafupifupi onse amene anakumana nawo sanasinthe. Zaka 37, ndalama zambirimbiri, osatheka. Ndiye mneneri wa pa msika wathu akwanitsa ndi botolo la mafuta ophikira? Kupemphera ndi mwana wanu sindikuletsa. Mugwireni dzanja mupemphere naye. Kumupereka kwa anthu oti akamufuulire ndi kumugwetsa pansi pagulu ndiye ayi.

Ndiyankhenso aja akuti zonsezi n'zobwera ndi mafoni ndi azungu. Liwu loti mathanyula silinabadwire pa Facebook. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ankalidziwa. Ndaonapo ana otere ochokera m'midzi yopanda magetsi, yopanda netiweki, oleredwa ndi agogo opemphera m'mawa ndi madzulo. Ngati tikufuna chobwera ndi azungu pa nkhaniyi, ndi lamulo lija la gawo 153, limene tinalilandira kwa Angelezi tili Nyasaland. Eni ake anayamba kulichotsa kwawo mu 1967. Abale athu a ku Mozambique, kuphatikizapo a ku Angónia amene timalankhula nawo chinenero chimodzi ndi kugulana mbatata pa Tsangano, dziko lawo linachotsa lamulo lotere mu 2015, ndipo akulimabe, akukwatirabe, akuberekabe. Komanso mayi, musadzizunze kuti munalakwitsa poleredwa, kuti mwina chifukwa munamuveka zachimuna ali wakhanda kapena munamutumiza ku sukulu ya atsikana okhaokha. Ana a mimba imodzi, oleredwa mofanana, amatuluka osiyana.

Chinthu china tisasakanize. Kusukulu zogonera konko kumachitikanso nkhanza: wamkulu wa Fomu 4 kukakamiza wa Fomu 1, kapena munthu wamkulu kunyengerera mwana ndi sopo ndi ndalama. Kumeneko ndi kugwirira, kaya wochitayo ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo mwana wochitidwayo alibe mlandu. N'chifukwa chake funso loyamba kwa mwana wobwezedwa lisakhale lakuti wandichititsiranji manyazi. Mufunseni muli awiri, mwachifatse: pali amene wakukakamiza kapena kukupweteka? Akati ayi, mukhulupirireni. Ndipo musathamangire kumupatsa dzina. Pa zaka 15 kapena 16 ena amakhala akudziwa kale bwinobwino, ena akadali kudzifufuza. Si inu kapena ine amene tingamuuze. Nthawi ndi mwini wake ndiwo adzanena.

Usiku uno, ngati m'nyumba mwanu muli mwana wotere, yang'anani izi. Wasiya kudya kapena kugona? Akudzitsekera? Akugawa zovala zake, foni kapena mabuku? Akunena mawu ngati "posachedwa mupuma" kapena "bola kulibe ine"? Wakhala akulira masiku angapo kenako mwadzidzidzi wangoti zii ngati wapeza mtendere? Chomalizachi chimanyenga makolo ambiri. Mufunseni mosazungulira kuti kodi ukuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Ambiri amapumira m'mwamba kuti wina waona. Mankhwala a m'munda, a makoswe, a chimanga cha m'nkhokwe ndi mapilitsi onse a m'nyumba achotseni, akasungidwe kwa munthu wina kapena mokhoma ndi loko. Asagone yekha. Maganizo amenewa nthawi zambiri amabwera mwamphamvu kwa kanthawi n'kutsika, ndipo mwana amene sanapeze chomwa pa ola limenelo amafika m'mawa. Ngati wamwa kale, musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi a sopo. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula botolo kapena paketi yake.

Nambala ya 116 ndi yaulere, ya Tithandizane, imene amayendetsa a YONECO. Mwana akhoza kuimba yekha, inunso mukhoza. Pa chipatala cha boma cha m'boma lanu funsani nesi kapena dokotala woona za maganizo. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo. Simukuyenera kufotokoza nkhani yonse pa windo lolembetsera. Nenani kuti mwana sakudya, sakugona ndipo akulankhula za imfa, zinazo adzanena yekha m'chipinda akaona kuti munthuyo ndi wodalirika. Ndikutero chifukwa ndikudziwa nyumba yathu. Ndinamvapo ndi makutu anga anzanga a yunifolomu akuseka mnyamata wina atangotuluka m'chipinda, wina mpaka kuitana mnzake kuti adzamuone. Tsiku limenelo ndinakhala chete, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Mnyamatayo sanabwerenso kudzatenga zotsatira zake. Anzanga a zaumoyo, tinalumbira kusunga chinsinsi cha wodwala aliyense, ndipo aliyense ndi aliyense.

Nkhaniyi musaipititse ku mjigo, ku banki mkhonde, ku gulu la amayi a mpingo kapena pa gulu la WhatsApp la banja, ngakhale mwa njira yopempha mapemphero. Mukangoitulutsa simungaibwezenso, ndipo amene adzayenda nayo pamsewu ndi mwanayo. Kusukulu pitani nokha kapena ndi munthu mmodzi wodekha. Pemphani kuti chifukwa chomubwezera achilembe papepala, ndipo pemphani kalata ya transifa. Kubwerera pa sukulu pomwe anamuwerengera kalata mwina sikungamuchitire ubwino, koma sukulu zoyendera zilipo, za masana zilipo, ndipo ofesi ya maphunziro ndi ya zachisamaliro cha anthu pa boma zilipo ngati a hedi akukana kupereka mapepala. Chaka chisafe.

Ndikudziwa kuti mayi wa kumudzi sangangodzuka n'kutsutsana ndi mwamuna wake. Mawa akhoza kupezeka panja iyenso, ndi ana ena anayi. Sindikukuuzani kuti muyambitse nkhondo. Bambo akapsa mtima, nthawi zambiri chimene chikuwawotcha ndi mantha a zimene anthu anena. Musakambirane nawo za tchimo kapena za malamulo usiku woyamba, simugwirizana. Kambani za chimodzi chokha: kuti mwana sakudya ndipo mukuopa maliro. Ngati sizikutheka, mwana apite kaye kwa agogo kapena kwa azakhali amene ali ndi mtima, koma mumuperekeze nokha ndipo mumuuze ndi pakamwa panu kuti sakuthamangitsidwa, mukumusungitsa.

Mayi uja wandilemberanso dzulo. Anachotsa mabotolo onse a mankhwala a m'munda n'kukasiya kwa mnansi. Usiku anatenga mphasa yake n'kukagona kukhitchini komweko pambali pa mwana, osalankhula zambiri. M'mawa mwanayo anamwa phala theka la kapu. Amalume awauza kuti mwamuna ujayo akangoponda pakhomo, iwo apita kupolisi. Bambo sakumulankhulabe mwanayo, ndipo za sukulu sizinadziwike; Lolemba mayiyo akupita kukapempha transifa.

M'ma comment, wotukwana, wotchula dzina la mwana wa munthu, kapena woyamba kulota kuti ndi sukulu iti, ndifufuta popanda kufunsa. Amene muli ndi nkhani ngati iyi pakhomo panu, inbox ndi yotsegula, ndimayankha ndikaweruka.